Mungagwetse bwanji bulugamu wamkulu ndi chainsaw?

Valani chipewa cholimba, kenako onani kumene mtengo wapendekera, kumene mphepo ikulowera, komanso nthambi zouma m'mwambamo. Lambulani njira yothawira chakumbuyo mopingasa. Anthu aime patali, mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo.

Kumbali yogwera, chekani kakamwa kolowa gawo limodzi mwa magawo 4 a thunthu. Mukatero chekani kumbuyo, pamwamba pang'ono pa kakamwako, koma musabooleze ayi. Siyani pakati kachigawo kokhuthala ngati gawo limodzi mwa 10 a thunthu, poti n'komwe kamawongolera mtengo ukamagwa. Ukakana kugwa, khomani kamtengo kosongoka mumpata wakumbuyowo.

Musayerekeze kucheka ndi nsonga ya chainsaw, imadumphira kumaso. Thunthu likayamba kulira, zimitsani makina n'kuchokapo msanga.