Momwe mungasankhire inshulansi ya kamphaka kanu katsopano

Kamphaka kakangofika pakhomo, maganizo onse amakhala pa mbale yodyera, mchenga wochitiramo chimbudzi ndi dzina loti mukapatse. Za inshulansi ambiri amazikumbukira tsiku limene kameza ulusi, dokotala wa ziweto akunena za opaleshoni. Pamenepo madzi amakhala atafika kale m'khosi, chifukwa kampani silipira vuto limene linayamba musanalembetse. Lembetsani kakadali kathanzi, ndipo posankha muyang'anitsitse zimene kampani imakana kulipira kuposa mtengo wa pamwezi.

1. Musadikire kuti kakule

Makampani ambiri amalandira kamphaka kuyambira masabata 8, nthawi imenenso kamayamba kulandira katemera. Chilichonse chimene dokotala angalembe mu fayilo yake musanalembetse, kaya ndi kutsegula m'mimba kapena diso lotuluka manthongo, kampani ikhoza kudzachitenga ngati matenda akale n'kukana kulipira vutolo likadzabweranso.

Palinso nthawi yodikira. Mukalembetsa lero, sikuti chitetezo chayamba lero. Pa matenda, nthawi zambiri mumadikira masiku pafupifupi 14. Pa ngozi, masikuwo amakhala ochepa. Kamphaka kakayamba kuyetsemula mkati mwa masiku amenewa, chimfinecho ndi cha m'thumba mwanu.

2. Sankhani mtundu wa inshulansi

Yotsika mtengo kwambiri ndi ya ngozi zokha: kugwa kuchokera pamwamba, kugundidwa ndi galimoto, kulumidwa ndi galu. Imakopa, koma matenda salowamo ngakhale pang'ono, pomwe mabilu ambiri a mphaka amachokera ku matenda.

Ya ngozi ndi matenda ndi imene ndingakulangizeni, koma mkati mwakenso muli kusiyana kofunika kukumvetsa bwino. Ina imalipira matenda alionse kwa miyezi 12 yokha, kenako matendawo amachotsedwa pa mndandanda. Ina imaika ndalama yakutiyakuti pa nthenda iliyonse, ikatha yatha. Yachitatu, imene amaitchula kuti ya moyo wonse, imabwezeretsa ndalama ya chitetezo chaka chilichonse malinga ngati simunadumphitse kulipira.

Kusiyana kumeneku simungakuone kamphaka kakadali kothamangitsa mchira wake. Mudzakuona patsogolo. Mphaka wosamalidwa bwino amakhala zaka 12 mpaka 15, ena kupitirira apo, ndipo akamakalamba amagwidwa ndi matenda amgonagona monga a impso, a shuga ndi a chithokomiro. Mphaka wa shuga amafunika jakisoni wa insulin, kawirikawiri kawiri pa tsiku, komanso kuyezedwa magazi pafupipafupi, mwina kwa zaka. Inshulansi ya miyezi 12 idzakuthandizani chaka choyamba, zaka zotsalazo n'kukusiyani nokha. Ngati thumba likulola, tengani ya moyo wonse.

3. Werengerani manambala atatu

Yoyamba ndi ndalama imene mumayamba mwalipira nokha kampani isanalowererepo. Pa mapepala mudzaona alemba kuti excess kapena deductible. Yachiwiri ndi gawo limene kampani imabweza, nthawi zambiri 70, 80 kapena 90 peresenti. Yachitatu ndi malire a ndalama imene ingalipire pa chaka.

Tiyerekeze kuti bilu yakwana 1,000, ndalama yanu yoyambayo ndi 200, ndipo kampani imabweza 80 peresenti. Ikayamba yachotsa 200 n'kuwerengera peresenti pa 800 yotsalayo, mulandira 640. Ikayamba ndi peresenti n'kudzachotsa 200 pambuyo, mulandira 600. Mapepala awiri ooneka ofanana akhoza kusiyana motero. Funsaninso ngati ndalama yoyambayo mumalipira kamodzi pa chaka kapena pa nthenda iliyonse payokha, pakuti kamphaka kodwala katatu pa zifukwa zitatu kangakulipiritseni katatu.

Malire a pa chaka musawatsitse kwambiri pofuna kuchepetsa mtengo. Funsani ku chipatala cha ziweto kuti opaleshoni ya m'matumbo pamodzi ndi kugonekedwa masiku angapo imafika pati, ndipo malire anu akhale pamwamba pa pamenepo.

4. Werengani tsamba la zosalipiridwa

Tsamba ili ndi limene otsatsa malonda sakonda kulitchula. Katemera, mankhwala a njoka za m'mimba ndi utitiri, kufula kapena kutseka mphaka kuti asabereke, zonsezi inshulansi wamba silipira. Ena amagulitsa pulani yoonjezera ya zimenezi, koma muphatikize kaye mitengo yake pa chaka. Kawirikawiri mumangobwezeredwa ndalama yanu yomwe.

Mano ndi nkhani ina. Makampani ena amalipira dzino lothyoka pa ngozi lokha, osati matenda a nkhama, amene ndi ofala kwambiri kwa amphaka. Amene amalipira amafuna umboni woti dokotala amayang'ana manowo chaka ndi chaka.

Ngati kamphaka kanu ndi ka mtundu wodziwika, funsani za matenda akumtundu. Amphaka a Persian amadziwika ndi vuto la zotupa za madzi mu impso, a Maine Coon ndi matenda okhuthalitsa minofu ya mtima. Kakakhala kakamuna, funsani mwachindunji za kutsekeka kwa njira ya mkodzo. Vuto limeneli likhoza kupha pa masiku ochepa, chithandizo chake n'chodula, ndipo limakonda kubwereza. Yankho lililonse lofunika akulembereni, mawu a pafoni alibe umboni.

Musaiwalenso mbali yanu. Mukadumphitsa katemera, kampani ili ndi chifukwa chokanira kulipira matenda amene katemerayo akanateteza.

5. Dziwani mmene ndalama imatulukira

Ndi makampani ambiri, mumayamba mwalipira bilu yonse, n'kutumiza malisiti, n'kudikira kubwezeredwa. Ochepa amalipira chipatala mwachindunji, ndipo pamenepo chipatalacho chiyenera kuvomera. Choncho ngakhale muli ndi inshulansi, sungani kangachepe pambali. Amene amadziwa bwino kampani yolipira msanga ndi yozengereza ndi ogwira ntchito pa kauntala ya chipatala cha ziweto, chifukwa mafomu amenewa amadutsa m'manja mwawo tsiku lililonse. Afunseni.

6. Funsani za mtengo wa mtsogolo

Mtengo wa kamphaka ka miyezi 3 si umene mudzalipire kakadzafika zaka 10. Umakwera ndi msinkhu, ndipo makampani ena amaonjezera gawo lolipira inu mphaka akakalamba. Apempheni akuwerengereni mtengo wa lero wa mphaka wa zaka 8 kapena 10 kuti muone kumene mukulowera.

Mwina munganene kuti ikadzadula mudzasamukira kwina. N'zotheka, koma kampani yatsopano idzatenga chilichonse cha mu fayilo ngati matenda akale, kuphatikizapo amene kampani yoyamba inkalipira. N'chifukwa chake ndi bwino kufananitsa makampani atatu kapena anayi panopa, fayilo ikadali yoyera. Mukasankha, lembani pa kalendala tsiku limene nthawi yodikira ikutha, ndipo muuze banki kuti izilipira yokha mwezi ndi mwezi, chifukwa inshulansi ikaduka n'kudzayambiranso, kampani ikhoza kuitenga ngati yatsopano.