Kasungidwe ka petulo ndi thina m'galaja

Anzanga amakaniko ndi openta magalimoto a ku Kapata kuno ku Chipata, ndimvereni. Chimene chimayamba kuyaka pa petulo ndi mpweya wake. Mpweyawo ndi wolemera kuposa umene timapumawu, ndiye umayenda pansipansi mpaka kukapeza mbaula kapena nthethe za wowotcherera zitsulo pakona. N'chifukwa chake ine ndimasunga petulo ndi thina (mankhwala osungunulira penti) m'kachipinda kapadera, kamthunzi, kopita mphepo, kutali ndi moto uliwonse.

Sungirani m'jerikani yachitsulo yotseka bwino, mulembepo dzina la zimene zili m'katimo. Musadzaze mpaka pakamwa, chifukwa m'kutentha kwa Okutobala petulo amafufuma. Pothira, jerikani ikhale pansi, osati m'galimoto. Zosunga parafini m'botolo la chakumwa ndimadana nazo kwambiri, mwana amamwa akuyesa madzi.

Jenereta izimitseni, iyambe yazizira, kenako muthire mafuta. Nsanza zonyowa mafuta ziponyeni m'chitini chokhala ndi chivundikiro. Moto ukabuka musathire madzi, amangoumwaza. Thirani mchenga kapena gwiritsani ntchito chozimitsira moto cha ufa, ndipo chikhale pafupi ndi khomo.