Nyali za thirakitala yaing'ono zikakana kuyaka, tsatirani njira ya moto

Mvula ikangoyamba mu Novembala, amene ali ndi minda ku Makeni, ku Lilayi kapena cha ku Chongwe, kufupi ndi Lusaka, amagwira ntchito mpaka kachisisira, ndipo m'pamene ambiri amatulukira kuti nyali zakutsogolo za thirakitala zinafa kalekale. Chizolowezi chathu n'kuthamangira ku mashopu a ku Kamwala kukagula mababu atsopano, kubwera n'kuika, koma mdima womwewo. Musatulutse ndalama msanga. Moto uli ndi njira yake: umachoka pa gwero, umadutsa pa fyuzi ndi pa switchi, umafika pa babu, kenako umabwerera kudzera m'chitsulo cha thirakitala. Ntchito yanu ndi kupeza pamene njirayo yaduka.

Yambani ndi kudziwa komwe nyali zanu zimatenga moto, chifukwa apa m'pamene anthu amasokonezeka kwambiri. Mathirakitala ena amayatsa nyali kuchokera ku batire ya 12V. Koma ambiri aang'ono otchetcha udzu, makamaka a injini za Briggs & Stratton, komanso aja a mateyala awiri oyenda nawo pansi, amatenga moto wa nyali mwachindunji ku koyilo ya pa flywheel, chigudumu cholemera chozungulira ndi injini. Moto umenewu ndi wa AC, wosinthasintha mbali, osati ngati wa batire, ndipo umakhalapo pokhapokha injini ikulira. Ngati nyali zanu zinkawala kwambiri mukaponda mafuta n'kuzilala injini ikatsika, thirakitala yanu ndi ya mtundu umenewu, ndiye kuyesa injini itazima n'kutaya nthawi. Mababu ambiri a LED sagwirizananso ndi moto wa AC; amaphethira kapena kufa msanga.

Mukadziwa zimenezi, tengani multimeter (mita yoyezera magetsi), kapena tesita ya babu ija ya waya umodzi ndi chopanira. Batire yodzaza bwino imawerenga pafupifupi 12.6V injini itazima, ndipo injini ikamalira iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Mitu ya batire ikakhala ndi ufa woyera kapena wobiriwira, masulani, kuyambira ku negetivu, mupale mpaka iwale.

Babu ndi yosavuta: itulutseni muone ngati kawaya kam'kati kaduka. Ngati ndi ya halogen musagwire galasi lake ndi zala, mafuta a m'manja amaipsereza msanga. Mababu onse awiri safa kawirikawiri tsiku limodzi, choncho akazima pamodzi ganizirani za kwina.

Fyuzi muiyese ndi mita, maso amanama. Ikakhala yopsa ikani ina ya mphamvu yofanana: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A. Mababu awiri a 35W amakoka pafupifupi 6A basi, ndiye palibe chifukwa choikira fyuzi yaikulu kuposa imene munaipeza. Chonde, abale anga, lekani kukulunga fyuzi ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi imapsa kuti mawaya asapse, ndipo pa makina amenewa mawaya amadutsa pafupi kwambiri ndi thanki ya mafuta.

Tsopano pitani pa switchi. Panani tesita pa chitsulo choyera, mukhudze waya wolowa: tesita iyenera kuyaka. Tsegulani switchi mukhudze waya wotuluka. Moto ukalowa koma osatuluka, switchi yatha. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa m'kati mwake, madzi a mvula n'kudzamaliza ntchito. Pa mathirakitala ena nyali zimayatsidwa pa kiyi pomwepo, ndiye onaninso pulagi ya kumbuyo kwa kiyi ngati sinagwedere.

Ngati moto ukufika mpaka pa soketi ya babu koma nyali sikuyaka, kapena ikuyaka mofiira ngati khala lakuzima, vuto ndi earth, njira yomwe moto umabwerera nayo kudzera m'chitsulo. Ineyo ndimati ili ndiye vuto lofala kuposa onse, ndipo ndi limene anthu amaliganizira pomaliza. Tsatirani waya wochoka pa soketi mpaka pomwe wamangidwa pa chitsulo. Nthawi zambiri mupeza kabawuti kakang'ono kuseri kwa boneti, kodzaza dzimbiri, kamphete ka waya kakusewera mukakagwira ndi chala. Kuti mutsimikize, tengani waya wautali, mbali ina pa negetivu ya batire kapena pa thupi la injini, ina pa earth ya babu. Nyali ikawala bwino, mwapeza. Masulani bawutiyo, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chioneke choyera, chotsani ngakhale penti, mangani mothina, kenako pakani girizi pang'ono pamwamba kuti madzi asalowe. Pamene boneti ndi yachitsulo ndipo earth imadalira mahinji, ndi bwino kungokoka waya watsopano mpaka pa thupi la thirakitala, chifukwa hinji imagwira lero, mawa yasiya.

Fyuzi ikamapsa nthawi iliyonse mukayatsa, ndiye kuti waya wina wasupuka n'kukhudza chitsulo. Musamalize mafyuzi poyesa. Chotsani mababu onse, lumikizani tesita m'malo mwa fyuzi, mutsegule switchi. Ikayaka, shoti ilipo. Yambani kugwedeza mawaya pang'onopang'ono kuchokera ku switchi kupita kutsogolo, ndipo pamene tesita izime m'pamene pali bala. Yang'anitsitsani pomwe boneti imapindikira, pafupi ndi ekizozi pomwe pulasitiki imasungunuka, ndi pomwe waya akudutsa m'bowo lachitsulo. Thirakitala ikagona m'shedi ya chimanga chilimwe chonse, makoswe amakhalanso atadya gawo lawo; muona tizidutswa ta pulasitiki pansi pa mpando.

Polumikiza waya woduka, chotsani kaye negetivu ya batire. Kungopota mawaya n'kukulunga tepi sikupirira kugwedezeka kwa m'munda. Wotchererani ndi solder kapena gwiritsani ntchito zolumikizira zopana, muvale kachubu kofota ndi moto, ndipo mumange wayayo kutali ndi lamba ndi ekizozi.

Pa thirakitala ya AC, zonsezi zikakhala bwino, ikani mita pa AC, lizani injini mwamphamvu, muyese waya wa nyali wochokera ku injini, manja ndi malaya zili kutali ndi lamba. Mukapeza moto wochepa kwambiri kapena ziro, mwina koyilo yapsa. Kuti muifike pamafunika kuchotsa flywheel ndi chokokera chake, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko wa zamagetsi.