Musananene kuti mphunzitsi ndi mbuli, tembenuzani kaye msoko

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde la golosale ina kuno ku Ntcheu, pomwe anthu amadikirirapo minibasi, ndiye nkhani zonse za m'dera zimadutsa m'makutu mwanga ndikupalasa makina. Zotsatira za mayeso a sitandade 8 zikangotuluka, mkangano wake ndi womwewo chaka chilichonse. Wina amati, "Aphunzitsi a masiku ano ndi mbuli, anathawira ku TTC chifukwa mapointi anawakanira kuyunivesite." Wina amamudula, "Asiyeni anthu, malipiro awo safika n'pakati pa mwezi pomwe." Amakangana mpaka minibasi kudzadza, koma mukawafunsa, onse awiri sanapondepo m'kalasi ya mwana wawo chiyambire.

Ndinakhala m'komiti ya sukulu ya pulayimale ya kwathu zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinalowamo ndili wonyoza ngati anzangawa. Pa ntchito yathu ya utelala, malaya akasitidwa bwino aliyense amayamika, koma wodziwa amawatembenuza kuti aone msoko. Mphunzitsi nayenso ali ndi msoko wake, ndipo kholo lililonse likhoza kuuona, ngakhale lomwe linalekezera sitandade 4.

Mawu akuti aphunzitsi ndi osaphunzira ali ndi kumene anachokera, ndipo ndi bwino kukudziwa. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chawo n'kulumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi oti awalandire kunalibe. Boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 omwe anali asanapite kukoleji, ambiri a JCE chabe, n'kuwaunikira masabata ochepa, kenako choko m'manja. Maphunziro awo enieni anadzayamba mu 1997 pansi pa ndondomeko ya MIITEP, ali kale pantchito. Ife amene tinali ndi ana kusukulu nthawi imeneyo tinaona zinthu, sindikana. Koma wolowa uphunzitsi lero amafunika MSCE, amachita zaka ziwiri za maphunziro a uphunzitsi otchedwa IPTE, mbali ina kukoleji monga ku Kasungu, ku Machinga kapena ku St Joseph's ku Bembeke, mbali ina kuphunzitsa pasukulu akuyang'aniridwa. Ambiri akamaliza amakhalanso pakhomo nthawi yaitali kudikira kuti boma liwalembe. Tsono wonyoza wa pakhonde nthawi zambiri amakhala akuimba nyimbo ya 1994 kwa munthu amene chaka chimenecho anali asanabadwe.

Yambani ndi kope. Musamufunse mwana kuti "kusukulu kunali bwanji", ayankha kuti kunali bwino ngakhale tsiku lomwe anakathera kumavidiyo. Muuzeni abweretse makope onse, muyale pamphasa, mutsegule kuyambira tsamba loyamba la teremu. Onani madeti. Kodi sabata iliyonse muli ntchito, kapena pali mpata wa masabata awiri wopanda kanthu? Mpata ukapezeka musathamangire kwa mphunzitsi. Bwerekani kope la mwana wa aneba yemwe ali kalasi yomweyo. Ngati mwa mnzakeyo muli ntchito masiku amenewo, wojomba ndi wanuyo, ndipo mlandu uli m'nyumba mwanu momwemo. Ngati makope onse awiri ali mbee, pamenepo ndiye pali funso.

Kenako onani kuchonga. Zochonga zofiira zambiri si umboni wa mphunzitsi wabwino. Ine ndinapezapo m'kope la mdzukulu wanga samu yoti 47 kuphatikiza 25 yankho 62, itachongedwa bwinobwino kuti wakhoza. Pamenepo mphunzitsi sanawerenge, anangodutsa ndi cholembera ngati wopalira mothamangira mvula. Chomwe mufune kuona ndi ichi: pamene mwana walakwa, kodi pansi pake pali kukonza? Ngati cholakwa chomwe chinalipo mwezi watha chikusowa mwezi uno, pali munthu amene akugwira ntchito. Komanso musayembekezere kuti tsamba lililonse likhala lochongedwa. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana osapitirira 60, koma m'makalasi aang'ono a kumudzi kuno kupitirira 100 si nkhani yodabwitsa. Werengerani nokha, makope 100 phunziro limodzi, maphunziro angapo patsiku.

Kope likatha, muyeseni mwanayo, koma osati ndi buku lake la kusukulu. Ana ndi akatswiri poloweza. Amatha "kuwerenga" tsamba lonse maso ali kudenga. Mupatseni chinthu chomwe sanachionepo, buku la nyimbo la kutchalitchi, chikwangwani cha kuchipatala, kapena mulembereni nokha pansi ndi kamtengo mawu ngati mphika, nkhwangwa, ng'ombe, tsabola. Wa sitandade 2 wophunzitsidwa bwino sangawakhoze onse, koma mumuona akulimbana nawo, akuphatikiza maphatikizo mmodzimmodzi, nkhwa, ngwa, mpaka mawu atuluke. Kulimbanako ndiye chizindikiro. Kuyambira 2016 pomwe boma linakhazikitsa ndondomeko ya kuwerenga m'dziko lonse, ana amaphunzitsidwa maliwu a zilembo, choncho musamukalipire mukamva akutchula chilembo mosiyana ndi momwe munkatchulira inu kale. Mwana amene akangoona mawu achilendo amangoti duu kapena kulota mawu ena osagwirizana, ameneyo njira sanapatsidwe, kapena inamudutsa. Masamu muyeseni ndi chenji. Mutumeni tomato, abwere akuuzeni yekha kuti yatsala zingati ndipo chifukwa chiyani.

Tsopano chachikulu, chomwe makolo ambiri amachiopa ngati kupolisi: pitani mukakhale m'kalasi. Muli ndi ufulu, koma dzerani kwa a hedi, mupemphe mwaulemu, mugwirizane tsiku. Osangotulukira pawindo ngati mwabwera kudzagwira wakuba. Mukalowa khalani kumbuyo, foni m'thumba, pakamwa potseka.

Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Pamsonkhano wina wa makolo ndi aphunzitsi ndinaimirira n'kunena kuti madamu a sitandade 1 sakuphunzitsa, amangoimbitsa ana tsiku lonse ngati kwaya. Anthu anawomba m'manja, ine n'kudzimva kuti ndalasa. Madamuwo sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo, mubwere Lachiwiri mudzakhale nafe." Ndinapita. Ana anali atakhala pansi mothithikana kuyambira pabolodi mpaka pakhomo, moti popondapo panalibe. Ndinayesa kuwawerenga, ndinasokonezeka nditadutsa 110. Buku limodzi ankaligwira anayi, awiri akuliona chozondoka. Wina akulira kuti amubera pensulo, wina wakodza, wina wabereka mng'ono wake kumsana chifukwa mayi apita kudimba. Nyimbo zija ndinaona ntchito yake. Phokoso likakwera amayambitsa nyimbo, ana onse n'kugwera m'menemo, ikatha kuli zii, ndipo m'kachetechete kakafupi kameneko ndi momwe amalowetsamo chilembo. Nyimbo ina inali ya chilembo chomwecho. Kenako anandipatsa choko. "Atelala, tandigwirireniko pang'ono, ndikatenge rejisitala ku ofesi." Sanachedwe n'komwe, koma pobwera anapeza anyamata awiri akumenyana, atsikana angapo atatuluka, ine thukuta lili kamukamu ndikukuwa "chete" yemwe palibe anamumva.

Koma sindinabwereko ndi chisoni chokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nditadekha ndinaona msoko wina wosalimba. Madamuwo ankafunsa ana a kutsogolo okhaokha, omwe amatukula mikono akukuwa "ine madamu, ine madamu". Kumbuyo kumene ndinakhala kunali anyamata akuluakulu obwereza kalasi, ndipo phunziro lonse linatha osatchulidwa ndi mmodzi yemwe. Ndinawauza tili awiri, osati pagulu. Anavomera, n'kundiuza kuti kudutsa pakati pa ana kuti ufike kumbuyo n'kuponda zala. Sabata yotsatira anasiya kanjira pakati ndipo anayamba kusinthanitsa mizere.

Ndiye mukakhala kumbuyoko, yang'anani zimenezo. Kodi amawadziwa ana mayina, kapena aliyense ndi "iwe wa juzi yofiira"? Mwana akalakwa yankho, amamuseketsa kwa anzake kapena amamufunsanso mwa njira ina? Padutsa nthawi yaitali bwanji belu litalira asanayambe kuphunzitsa? Ngati muli wa komiti mukhoza kupempha a hedi akuonetseni masikimu ndi malesoni pulani, momwe mphunzitsi amalembamo zomwe wakonza kuphunzitsa, koma musakomedwe nawo kwambiri. Ndinaonapo masikimu olembedwa mwaluso ngati satifiketi, mwini wake ali kumsika.

Pali miyeso iwiri imene anthu a pakhonde amaikonda, ndipo yonse ndi yonama. Woyamba ndi Chingerezi. Munthu akamalankhula Chingerezi cha m'mphuno timati ndiye wanzeru, wina akaphonya mawu amodzi pamaliro powerenga uthenga, mudzi wonse umuseka mwezi wathunthu. Koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri safuna mphuno, amafuna munthu woti amufotokozere theka ndi kota podula nzimbe mpaka amve. Wachiwiri ndi kusankhidwa. MANEB ikatulutsa zotsatira timawerenga kuti apita ku sekondale angati, n'kuweruza sukulu yonse. Timaiwala kuti ambiri amakhoza koma malo ku sekondale ndi ochepa, ndipo ngakhale ku CDSS ya pafupi sangalowe onse. Timaiwalanso kuti wa sitandade 8 amakolola m'munda wolimidwa ndi ena. Iye timamugulira fanta, pomwe amene anaphunzitsa mwanayo kugwira pensulo sitimupatsa n'moni womwe. Kwa ine, mphunzitsi wofunika kwambiri pasukulu ndi wa sitandade 1 ndi 2, ndipo ndinakanganapo ndi a hedi ena chifukwa chozolowera kuika aphunzitsi awo amphamvu onse kumakalasi a pamwamba.

Aphunzitsi oipa alipo, tisanamizane. Alipo obwera akununkha kachasu m'mawa. Alipo otuma ana kukatunga madzi ndi kupalira munda wawo nthawi ya phunziro. Alipo ochenjera omwe m'kalasi amangokanda pamwamba, zenizeni n'kusungira ana olipira patitaimu masana. Mukaona zotere, musabwere ndi mawu akuti "nthawi zonse sabwera", chifukwa amenewo amagwa ndi funso limodzi. Lembani madeti pakapepala: Lolemba lakuti, Lolemba linanso, ndi Lachisanu lakuti. Mufufuzenso chifukwa. Kumapeto kwa mwezi ambiri amapita kuboma kukatapa malipiro chifukwa banki ili kutali, ndipo tsiku limathera pamzere. Wina pasukulu yathu ankachedwa tsiku lililonse, tinkati ndi ulesi, kenako tinapeza kuti amachita lendi kutali ndipo mvula ikagwa mtsinje umadzadza. Tinaumba njerwa, nyumba inamangidwa pasukulu, kuchedwa kunatha. Mnzake amene ankakhala pasukulu pomwepo koma n'kumachedwabe, ameneyo tinamulembera kalata.

Njira yodandaulira ili ndi makwerero ake, ndipo wolumpha amagwa. Yambani ndi mphunzitsi mwini, pambali, mutapereka moni ndi kufunsa za kunyumba, kope lili m'manja. Nenani zomwe mwaona, osati zomwe mukumuganizira. "Aphunzitsi, ndaona kuti mwanayu maphatikizo awa akumuvuta, tingathandizane bwanji?" amatsegula khomo lomwe "kodi mumaphunzitsa chiyani kuno" amalitseka. Zikakanika pitani kwa a hedi, kenako ku komiti ya sukulu. Zikapitirira, ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, kuli a PEA, omwe ntchito yawo ndi kuyendera masukulu ndi kulangiza aphunzitsi, ndipo pamwamba pawo pali ofesi ya maphunziro ya paboma. Kuthamangira pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp la m'mudzi kumakoma tsiku limodzi, koma mwana wanu ndi amene akakhale m'kalasi imeneyo mawa.

Pali nkhani imodzi yokha yosadzera makwerero amenewa. Mphunzitsi akamafunsira mwana wa sukulu, kumugwiragwira kapena kumuitanira kunyumba kwake, kapenanso akamumenya mpaka kumuvulaza, imeneyo si yokambirana pansi pa mtengo kapena kulipitsana mbuzi. Pitani kupolisi ku Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Musalole kuti angomusamutsira kusukulu ina.

Masiku ano mkangano ukabuka pakhonde sinditsutsa aliyense. Ndimangofunsa kuti, "Achimwene, mwana wanu akuphunzitsidwa ndi ndani chaka chino?" Dzana kunabwera bambo wina ndi kabudula wa yunifolomu wong'ambika pamatako, akutukwana aphunzitsi onse a dziko lino kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Funso langa linamupeza akukanda mutu, ndipo anayamba watsutsana yekha ngati mnyamatayo ali sitandade 4 kapena 5. Kabudulayo ndamuuza adzatenge Loweruka, ndipo pobwera atenge makope.