Fulashi yogona pakompyuta si bakapu

Mvula yoyamba ya chaka chino yandionetsanso zomwe ndimadana nazo. Ndayenda m'mashopu a feteleza ndi mbewu kuchokera pa Kasungu boma mpaka ku Santhe, ndipo mwambiri ndapeza fulashi, kachipangizo kokoperamo mafayilo kaja, ili chisomekere kumbuyo kwa kompyuta. Ukafunsa, mwini shopu akuti, "Bakapu ndiye imeneyo, alangizi." Bakapu ndi kope la mafayilo losungidwa padera kuti kompyuta ikafa musataye zonse. Nanga bakapu yanji yogona mphasa imodzi ndi kompyuta?

Mphenzi ikamenya nthambo, kapena magetsi akabwera mwamphamvu atakhala chizimire tsiku lonse, moto wake susankha, umatha kupsereza kompyuta ndi fulashi yomwe. Denga likasasuka zimanyowera limodzi. Wakuba naye sazula fulashi n'kukusiyirani patebulo. Makinawo sindikuwadandaula, amagulidwa. Chondiwawa ndi mndandanda wa ngongole, mayina a anthu amene atenga matumba a Urea ndi NPK mu Disembala, olonjeza kudzabweza fodya akagulitsa ku Chinkhoma. Pofika Meyi mudzawalondola ndi chiyani? Pamtima? Zosunga pamtima tinazisiya kalekale, abale.

Chaka chatha mlimi wina wa ku Chamama anandiimitsa pamsewu, njinga ili m'manja, kuti ndimuweruzire. Anatenga matumba anayi pangongole, awiri n'kulipira atagulitsa soya. Kompyuta ya pashopu itapsa, mwini wake anakakamira kuti onse anayi sanalipidwe. Lisiti? Ana anakolezera moto. "Alangizi," akutero mkuluyo, "ine mbewu yanga ina ndimapachika kudenga la khitchini, ina ndimasungitsa kwa mlongo wanga. Ophunzirawa chawavuta n'chiyani?" Ndinasowa poyambira. Nkhani inakathera kwa amfumu, ndipo lero mlimiyo ndi anzake a m'kalabu amagula feteleza kwina.

Zochita si zambiri. Mafulashi awiri, Loweruka lililonse koperani mafayilo, zulani, imodzi izikagona kunyumba. Google Drive, yosungira mafayilo pa intaneti, imapereka malo a 15 GB aulere, inu n'kabandulo chabe. Kunja kukayamba kugunda zulani pulagi kukhoma, kungothimitsa swichi sikukwana. Kompyuta ikanyowa musaiyatse kuti muone ngati ikugwira, pitani nayo kwa okonza, chifukwa nthawi zambiri hard disk, momwe mumakhala mafayilo m'kompyutamo, imawerengeka pa makina ena. Akanena zofomata, kutanthauza kufufuta zonse, kanani kufikira mafayilo atatuluka. Kabuku ka ngongole kaja musakataye, muzilembamobe.