Momwe mungaphunzitsire mwana kusunga nthawi ndi kusamala zinthu zake

Mwana amene amafika pasukulu belu litalira kale, kope la Masamu atalisiya kunyumba, kawirikawiri sakhala waulesi. Vuto limakhala lakuti palibe amene adakhala naye pansi n'kumuonetsa ntchito yoyenera kuyamba, yotsatira, komanso nthawi imene iliyonse imadya. Makolo ambiri timangokuwa kuti "fulumira!" Kukuwa kumamuthamangitsa mwana tsiku lomwelo, koma mawa lake timayambiranso pomwepo. Njira zili m'munsizi cholinga chake n'chakuti udindo wokumbukira uchoke pakamwa panu upite m'mutu mwa mwana. Palibe chofuna ndalama zambiri.

1. Muonetsetseni kaye kwa sabata imodzi

Musasinthe chilichonse. Ingoonani pamene nthawi yake imatayikira. Ena amachedwa pamzere wa kumjigo, ena amadikira bafa, ena amafunafuna sokosi imodzi kwa mphindi khumi. Mufunseninso mwanayo: "Kodi m'mawa chimakuchedwetsa n'chiyani?" Yankho lake lingakudabwitseni, chifukwa nthawi zina chomuchedwetsa ndi ntchito imene mumamutuma inu eni ake atavala kale yunifolomu.

2. Chilichonse chikhale ndi malo ake

Khomani misomali iwiri kukhoma pamene mwana angafikire: wina wa chikwama, wina wa yunifolomu. Pezani katoni yoikamo mabuku ndi makope, muikweze pamwamba kuopa chiswe ndi chinyezi. Mapensulo, bolopeni ndi labala zikhale m'kachitini kapena m'kathumba kosokedwa ndi chidutswa cha chitenje. Nyengo ya mvula, makope azikulungidwa m'pepala la pulasitiki asanalowe m'chikwama.

Lamulo ndi limodzi: akangofika kuchokera kusukulu, asanadye, asanapite kukasewera, chikwama ndi yunifolomu zipite pamisomali. Mukachipeza chikwama pampando, musachinyamule. Muitaneni achite yekha, ngakhale zitatengera kumuitanitsa kubwalo la mpira.

3. Za m'mawa zikonzedwe madzulo

Ngati pa zonsezi mungathe kuchita chimodzi chokha, chitani ichi. M'mawa mwana amakhala ndi tulo m'maso, kunja kukuzizira, nanunso mukuthamangira zanu. Si nthawi yoganiza. Kuganiza kuchitike dzulo lake mukangotha kudya nsima.

Mwana atenge taimutebulo ya kusukulu, aone maphunziro a mawa, alongedze makope ake mogwirizana ndi maphunzirowo. Ambiri amanyamula makope onse tsiku lililonse poopa kuiwala, ndipo n'chifukwa chake zikwama zimang'ambika teremu isanathe. Kenako aone ngati pensulo ndi yosongola, yunifolomu yauma, nsapato zapukutidwa. Madzi osamba atungiretu. Ngati aphunzitsi atumiza uthenga, kaya ndi wa msonkhano wa makolo, kaya akufuna tsache kapena kapu ya phala, aunene nthawi imeneyi, osati ali kale pakhomo.

Masiku oyamba muzichita naye limodzi. Musamuuze chochita, koma muzimufunsa: "Mawa muli ndi phunziro lanji loyamba? Ndiye ukufunika chiyani?" Funso limamukakamiza kuganiza za mawa, pomwe lamulo limangomuphunzitsa kudikira kuuzidwa. Zonsezi sizipitirira mphindi 15 akazolowera.

Nthawi yogona ilowenso m'dongosolo lomweli. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Werengani chobwerera m'mbuyo: wa Sitandade 4 amene amadzuka 5:30 m'mawa ayenera kukhala atagona pofika 8:30 usiku. Ngati akuonera nanu filimu mpaka 10 koloko, musadabwe m'mawa akamayenda ngati wodwala.

4. Wamng'ono mumangirireni ntchito ku zochitika, wamkulu mumupatse wotchi

Kwa mwana wa Sitandade 1 kapena 2, mawu akuti "4 koloko" alibe tanthauzo lenileni. Chimene amamva ndi "ukatha kudya", "dzuwa likafika pamtengo wa mango uwo", "nkhuku zikayamba kulowa m'khola". Gwiritsani ntchito zimenezo. Jambulani naye papepala zithunzi zinayi kapena zisanu motsatana, monga kusamba, kuvala, kudya, kutenga chikwama, ndipo mumate pakhoma. Zithunzizo ajambule yekha ngakhale zioneke zokhota.

Akafika cha m'ma Sitandade 4, yambani kumuzoloweza wotchi. Pali kamasewera kothandiza kwambiri: asanayambe kutsuka mbale, mufunseni kuti zimutengera mphindi zingati. Akanena, yang'anani nthawi pafoni, mudzamuuze zoona zake akamaliza. Ana amaganiza kuti chilichonse chimatenga "mphindi ziwiri". Akuluakulu enanso ali choncho, tonse tikuwadziwa aja amati "ndili pafupi" asanatuluke n'komwe m'nyumba. Mwana akadziwa kuti ulendo wa kusukulu ndi mphindi 25, amatha kudziwerengera yekha nthawi yonyamukira.

Alamu ya pafoni ya mabatani ndi yokwanira. Aitchere yekha.

5. Homuweki ichitike kudakali kowala

Kuno kwathu mdima suchedwa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi umagwa isanakwane 6 koloko, ndipo ngakhale muli ndi magetsi a ESCOM simungalumbire kuti usiku ayaka. Choncho homuweki isadikire usiku. Mwana akaweruka adye, apumeko pang'ono, kenako alembe asanapite kwa anzake. Kusewera kubwere pambuyo, koma kubweredi. Mukamulanda nthawi yosewera atamaliza ntchito yake, adzaphunzira kulemba mozengereza, chifukwa kumaliza msanga sikumupindulira kanthu.

Musamukhazike maola awiri osadzuka. Wamng'ono mphindi 15 kapena 20 zamukwana. Wamkulu 30 kapena 40, aime pang'ono, abwererenso. Ayambe ndi phunziro lomuvuta mutu ukadali bwino. Nthawi imeneyi wailesi ichepetsedwe, ndipo musamutume. Mchere ukatha, tumani wina kapena dikirani.

Wa kusekondale amene ali ndi foni aisiye m'chipinda china. Kuigadabuza patebulo sikuthandiza. Uthenga wa pa WhatsApp ukangolira, maganizo apita.

6. Gawani ntchito zapakhomo mwachilungamo

Apa ndinene mosabisa. M'makomo ambiri mtsikana amadzuka kukadali mdima, kusesa, kutunga madzi, kusonkha moto, kusambitsa mng'ono wake, pomwe mchimwene wake akungodikira tiyi. Kenako timamudzudzula mtsikanayo kuti sasunga nthawi. Nthawi yake tamudyera ndife. Lembani ntchito zonse papepala, muike dzina la mwana pa iliyonse, ndipo muzisinthanitsa sabata ndi sabata. Mnyamata wotsuka mapoto safa. Ntchito zolemera monga kupita kuchigayo, kuchapa ndi kutola nkhuni zipite Loweruka. Nyengo yodzala ndi yopalira ikafika, kambiranani pasadakhale masiku amene ana adzathandize kumunda kuti asajombe kusukulu.

7. Mayeso awerengedwe chobwerera m'mbuyo

Wa Sitandade 8 amene akudikira PSLCE, wa Fomu 2 wa JCE ndi wa Fomu 4 wa MSCE afunika kalendala pakhoma, ngakhale ija yopatsidwa kutchalitchi kapena kusitolo. Bungwe la MANEB likalengeza masiku a mayeso, mwana azunguze tsikulo, awerenge masabata otsala, ndipo agawe mitu ya maphunziro m'masabatawo. Asalembe kuti "kuwerenga Sayansi", chifukwa Sayansi satha. Alembe mutu weniweni, kapena kuti "mafunso khumi a pepala la chaka chatha". Akamaliza achonge. Sabata ziwiri zomaliza zikhale zobwereza basi, ndipo sabata iliyonse asiye tsiku limodzi lopanda kanthu, chifukwa maliro, malungo ndi alendo sizipangana ndi munthu. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo kuchezera usiku wonse mayeso ali mawa ndi kwawukwawu yemweyo.

8. Yambani kuchotsa dzanja lanu

Pakatha mwezi, lekani kutchula ntchito imodziimodzi. Ingofunsani kuti, "Za mawa zatheka?" Pakapita nthawi, lekaninso funsolo. Tsiku lina adzaiwala kope. Musamuthamangire nalo kusukulu. Akaonane ndi aphunzitsi yekha, ndipo madzulo mumufunse modekha chimene achite kuti zisabwerezeke. Kumukwapula kumamuphunzitsa kubisa kuti waiwala, osati kukumbukira.

Akachita bwino, tchulani chenicheni chimene wachita: "Ndaona lero walongedza wekha osauzidwa." Uzaninso onse apakhomo, agogo, azakhali ndi antchito, kuti asamamuchitire zimene mwamusiyira, apo ayi mwana adzapeza amene angamunamize.

Ngati mwayesa kwa teremu yathunthu koma mwana akungotayabe zinthu, satha kukhazikika ngakhale mphindi zochepa, kapena amaiwala zimene mwangomuuza kumene, kacheze ndi aphunzitsi ake mumve momwe amachitira m'kalasi. Mupite nayenso kuchipatala akamuone maso ndi makutu, chifukwa mwana wosaona bwino pabolodi amabwera kunyumba asanakopere homuweki n'komwe.