Momwe mungayezere mtovu mu ufa wa chimanga ndi makina a AAS

Malire a mtovu amene Codex Alimentarius, yomwe imaika miyezo ya chakudya padziko lonse, inaika pa mbewu monga chimanga ndi mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu. Mukasungunula theka la galamu ya ufa wotere n'kuthira madzi mpaka mamililita 25, mumapeza mamayikirogalamu 4 okha pa lita. Makina a AAS (atomic absorption spectrometer) amayeza zitsulo poona kuwala komwe maatomu ake ameza. Mlingo wochepa chonchi makina a AAS a lawi la acetylene sauona molondola, choncho mufunika a graphite furnace, omwe amawotcha sampulo m'kachubu ka graphite. Komanso kafumbi kochepa ka m'labotale kangakupatseni mtovu woposa umene uli mu ufawo. Ntchito yaikulu ili pa ukhondo, makina amabwera pambuyo.

Yambani ndi sampulo. Tapani ufa pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, sakanizani, n'kuusunga m'pepala la pulasitiki latsopano. Lembani komwe chimangacho chinalimidwa, komwe chinayanikidwa ndi chigayo komwe chinagayidwa. Izi n'zofunika chifukwa chimanga choyanika pansi chimatola fumbi. M'madera ngati Kabwe ku Zambia, komwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma dothi likadali loipitsidwa, fumbi la kunja kwa njere lingathe kukhala ndi mtovu woposa wa m'kati mwake.

Ziwiya zonse, kuyambira mabotolo a Teflon mpaka timakapu ta makina, zinyikeni mu asidi wa nitric wa 10% kwa maola 24, kenako muzitsukuluze katatu ndi madzi a deionised (ochotsedwa mchere ndi zitsulo). Sopo sachotsa mtovu womatirira m'mbali mwa botolo. Valani magolovesi opanda ufa, ndipo gulani asidi wolembedwa kuti ndi woyezera zitsulo zochepa kwambiri. Asidi wamba ndi wotchipa, koma nthawi zambiri amabwera ndi mtovu wakewake.

Posungunula, yezani magalamu 0.5 a ufa m'botolo la microwave, thiranimo mamililita 7 a asidi wa nitric wa 65% ndi mililita imodzi ya hydrogen peroxide wa 30%. Musatseke nthawi yomweyo. Ufa ukakumana ndi asidi umatulutsa utsi wofiirira woopsa m'mapapo, ndiye siyani botolo lili chitsegukire mu fume hood (kabati yokoka utsi) kwa mphindi pafupifupi 15. Mukafulumira kutseka, mpweya umachuluka m'kati, botolo limatulutsa mpweyawo mwamphamvu ndipo sampulo imatayika. Mphindizo zikatha, tsekani botolo, liikeni mu microwave, ndipo kwezani kutentha pang'onopang'ono mpaka madigiri Celsius 180 kapena 200, pakhale pamenepo mphindi 15 mpaka 20. Dikirani lizizire musanatsegule. Madzi ake ayenera kukhala oyera mbee. Akakhala ndi matope kapena tizidutswa, ufa sunasungunuke wonse. Dzazani mpaka mamililita 25.

Opanda microwave amawotcha ufa mu ng'anjo kuti usanduke phulusa. Njirayi imatheka, bola musapitirire madigiri 450, chifukwa kupitirira apo mtovu umayamba kuuluka.

Pagulu lililonse la masampulo pakhale ma blank awiri, ndiye kuti mabotolo okhala ndi asidi yekha koma odutsa njira yonse. Pakhalenso sampulo imodzi yobwereza, ina yothiridwa mtovu wodziwika mlingo, ndi ufa womwe mlingo wake wa mtovu ndi wotsimikizika kale, monga NIST SRM 1567b wa tirigu. Anthu amakonda kudumpha gawoli pofuna kusunga asidi. Musatero: popanda blank simungadziwe ngati mtovu wachokera m'munda kapena pa tebulo lanu.

Pa makina, yatsani nyale ya hollow cathode ya mtovu itenthe mphindi 15 mpaka 20, ndipo sankhani mzere wa kuwala wa 283.3 nm. Mzere wa 217.0 nm umamva msanga koma umasokonezeka kwambiri ndi zinthu zina za m'sampulo. Konzani ma standard (madzi okhala ndi mtovu wodziwika mlingo) a mamayikirogalamu 2, 5, 10 ndi 20 pa lita tsiku lomwelo, mu asidi wofanana mphamvu ndi wa m'masampulo. Ma standard opanda asidi amataya mtovu m'mbali mwa botolo.

Makina amadontheza mamayikirolita 20 m'kachubu ka graphite, pamodzi ndi modifier (mankhwala oteteza mtovu kuti usauluke msanga) wa ammonium phosphate ndi magnesium nitrate, kapena wa palladium. Kuumitsa kumachitika pa madigiri 110 mpaka 130. Mukamva kuthetheka, dontho lawira n'kumwazika, ndipo zotsatira zidzasiyanasiyana. Talikitsani nthawi youmitsa. Kenako pamabwera kuwotcha zinyalala pa madigiri 600 mpaka 850, ndipo apa ndi pamene modifier amagwira ntchito. Mtovu ukagwirana ndi chloride umauluka msanga usanayezedwe, koma modifier amaugwira kuti udikire. Kuyeza kwenikweni kumachitika pa madigiri 1600 mpaka 1800, mpweya wa argon utaimitsidwa kwa masekondi ochepawo kuti maatomu asauluzidwe. Pomaliza chubu chimatsukidwa ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 2450. Background correction (njira yochotsera zosokoneza zomwe si mtovu), kaya ya Zeeman kapena ya deuterium, ikhale yoyatsa, apo ayi utsi wa m'chubu udzawerengedwa ngati mtovu.

Bwerezani standard imodzi pakatha masampulo 10 aliwonse. Ikasiyana ndi mlingo wake kupitirira 10%, imani, onani ngati chubu chatha, ndipo muyezenso masampulo khumiwo. Sampulo yothiridwa mtovu ibweze pakati pa 80% ndi 120%.

Powerengera, chotsani blank, chulukitsani ndi malita, gawani ndi magalamu. Mwachitsanzo, sampulo ikawerenga mamayikirogalamu 3.1 pa lita ndipo blank 0.3, otsala ndi 2.8. Kuchulukitsa ndi malita 0.025 n'kugawa ndi magalamu 0.5 kumapereka mamiligalamu 0.14 pa kilogalamu. Blank ikafika theka la chimene sampulo yawerenga, nambalayo musaitulutse. Tsukaninso ziwiya, sinthani asidi, muyambirenso. Ndipo sampulo ikakhala pansi pa mlingo umene njira yanu imatha kuyeza molondola, lembani mlingowo ndi mawu oti "osafika", osati ziro.